Kulipira mabilu a kuchipatala pa portal ya inshuwalansi ku America: mafunso ndi mayankho

Amene tinakulira ku Malawi tinazolowera kuti nkhani ya ndalama za kuchipatala imathera pomwepo. Ku Queens kapena ku Kamuzu Central umangonyamula kabuku kako ka kuchipatala. Ku chipatala cha mishoni umaima pa windo la keshiya, n'kulipira, n'kulandira lisiti, ulendo wa kunyumba. Ku America nkhaniyi imayamba utachira kale. Nthawi zina umatuluka m'chipatala usanatulutse ndi dola imodzi yomwe, mumtima n'kumati anthu ake ndi achifundo, koma pakatha milungu itatu kapena mwezi makalata amayamba kufika, iyi ndi mtengo wake, iyo ndi mtengo wake. Mayankho ali m'munsiwa alembedwera anthu a kwathu okhala kuno, kaya muli pa sukulu, pa ntchito, kapena mwaitanitsa makolo kuti adzaone zidzukulu.

Portal imeneyi ndi chiyani, ndipo munthu amalowamo bwanji?

Ndi tsamba la pa intaneti, kapena app ya pa foni, limene kampani ya inshuwalansi imatsegulira mamembala ake. UnitedHealthcare, Aetna, Cigna, Kaiser Permanente ndi makampani a Blue Cross Blue Shield onse ali nalo lawo. Polembetsa amafuna nambala ya umembala imene ili pa khadi lanu ndi tsiku lanu lobadwa, kenako mumapanga pasiwedi. Mukalowa mumaona ulendo uliwonse umene munapita kwa dokotala, ndalama zimene chipatala chinapempha, zimene kampani inalipira, ndi zimene zatsalira inu. Makampani ambiri anaikaponso batani lolipirira pambali pa claim iliyonse (pempho la malipiro limene chipatala chimatumiza ku inshuwalansi), ngakhale si chipatala chilichonse chimene chimalandira ndalama kudzera njira imeneyi.

Ndikadina batani lolipiriralo, ndalama zanga zimapita kwa ndani?

Pali ndalama za mitundu iwiri, ndipo anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi premium, ya mwezi ndi mwezi, imene imapita ku kampani ya inshuwalansi kuti mukhalebe membala. Ngati inshuwalansi yanu ndi ya kuntchito, amadula okha pa malipiro anu. Ngati munagula nokha pa Marketplace, msika wa boma wogulirapo inshuwalansi, mumalipira nokha, ndipo amene boma limawathandiza gawo la premium amapatsidwa miyezi itatu akalephera kulipira asanawachotse.

Yachiwiri ndi gawo lanu la bilu ya chithandizo. Imeneyi si ya kampani ya inshuwalansi ayi, ndi ya chipatala kapena dokotala. Portal imangokhala mtumiki wonyamula ndalamazo, ndipo nthawi zambiri pakati pamakhala kampani inanso yoyendetsa malipiro, monga InstaMed, imene banki ya JPMorgan Chase inagula mu 2019. N'chifukwa chake pamatha kudutsa masiku angapo chipatala chisanaone kuti mwalipira. Ku makampani ngati Kaiser Permanente n'kumene zimaoneka zophweka, poti mwini inshuwalansi ndi mwini chipatala ndi khomo limodzi.

Ndalandira pepala la manambala ambirimbiri, pamwamba palembedwa kuti "This is not a bill". Nditani nalo?

Lisungeni, musalipire kanthu chifukwa cha ilo, komanso musalitaye. Pepala limeneli amalitcha EOB (Explanation of Benefits), ndipo ndi lofunika kuposa bilu yeniyeniyo. Ndi mmene kampani ya inshuwalansi ikukuuzirani kuti chipatala chinapempha zakuti, pangano lathu ndi chipatalacho limalola zakuti, ife talipira zakuti, inu mwatsala ndi zakuti. Pa portal EOB imapezeka pansi pa claim iliyonse, ndipo kawirikawiri imaonekera kumeneko kalata ya papepala isanafike.

Ine ndimati ntchito yaikulu ya portal si batani lolipirira lija. Ntchito yake ndi kukupatsani nambala yoti muyerekeze ndi bilu. Ikani bilu ya chipatala kumanzere, EOB kumanja, muone zinthu zitatu: tsiku limene munalandira chithandizo, dzina la dokotala kapena chipatala, ndi mzere umene ukunena ndalama zoti mulipire inu. Zikagwirizana, lipirani. Zikasiyana, kapena ngati claim sikuoneka n'komwe pa portal, khadi likhale kaye m'thumba. Zipatala zina zimatumiza bilu inshuwalansi isanamalize kuwerengera, ndiye munthu wamantha ngati ife obwera, amene sitifuna kumva dzina lathu likutchulidwa pa nkhani ya ngongole m'dziko la eni, amalipira mtengo wonse usiku womwewo. Ndalama yotuluka imavuta kubwerera.

Deductible, copay, coinsurance: mawu amenewa akutanthauzanji pa thumba langa?

Copay ndi ndalama yokhazikika imene mumalipira pa ulendo umodzi, mwina madola 30 pokaonana ndi dokotala, ndipo nthawi zambiri amakulipiritsani pofika pomwe. Deductible ndi ndalama zimene muyenera kuyamba mwalipira nokha m'chaka inshuwalansi isanayambe kukuthandizani pa zinthu zikuluzikulu. Coinsurance ndi gawo lanu pa zotsala mukamaliza deductible.

Tiyerekeze kuti deductible yanu ndi madola 1,500, coinsurance ndi 20 peresenti, ndipo chaka chino simunadwalepo. Mwachitidwa kaopaleshoni kakang'ono, chipatala chalemba madola 6,000. Mtengo umenewu usakudulitseni mutu wa zizwa: pangano la chipatala ndi inshuwalansi likulola madola 3,500 okha, ndipo 2,500 otsalawo amangofufutidwa, palibe amene amalipira. Pa 3,500 paja inu mulipira 1,500 ya deductible, kuphatikiza 20 peresenti ya 2,000 yotsala, yomwe ndi 400. Zanu zonse ndi madola 1,900, inshuwalansi ilipira 1,600. Bilu ikabwera yoposa 1,900, pali penapake palakwika.

Palinso malire a pachaka, out-of-pocket maximum. Mukafika pamenepo inshuwalansi imalipira zonse zotsala za chaka chimenecho, bola chithandizocho chikhale cha mu network, kutanthauza zipatala ndi madokotala amene ali pa pangano ndi inshuwalansi yanu, ndiponso chovomerezeka pa pulani yanu. Mu 2025 lamulo silinkalola malirewa kuposa madola 9,200 kwa munthu mmodzi ndi 18,400 pa banja. Portal imaonetsa pamene mwafika. Muziyang'anapo makamaka chaka chikamatha, chifukwa pa mapulani ambiri kuwerenga kumayambiranso pa ziro pa 1 January.

Ndinapita kuchipatala kamodzi, koma mabilu abwera anayi. Akundibera?

Mwina ayi. Kuno nyumba ya chipatala imalipiritsa payokha, dokotala amene anakuonani payekha, wowerenga X-ray payekha, a ku labu paokha, wogonetsa anthu pa opaleshoni nayenso payekha. Ena mwa iwo simunawaone ndi nkhope yomwe. Aliyense amatumiza claim yake, ndipo iliyonse imakhala ndi EOB yake. Bilu imene ilibe claim yofanana nayo pa portal ndi imene muyenera kuikayikira.

Bilu ndi EOB zasiyana. Ndiimbire ndani?

Yambani ndi ofesi yoona za mabilu ku chipatalako, muwafunse ngati anatumiza claim, anatumiza liti, ndiponso ku kampani iti. Pemphaninso itemized bill, imene imalemba chinthu chilichonse payekhapayekha ndi nambala yake, chifukwa bilu yoyamba ija nthawi zambiri imangolemba chiwerengero chonse. M'menemo ndi mmene mumagwira mankhwala olembedwa kawiri kapena kuyeza kumene sikunachitike.

Zinandionekerapo ine. Chipatala china chinanditumizira bilu yonse yathunthu, ngati munthu wopanda inshuwalansi, pomwe khadi ndinapereka. Pa portal panalibe claim iliyonse. Nditaimba foni kachitatu, mayi wina woleza mtima anandiwerengera zimene zinali mu kompyuta yawo, ndipo pa tsiku lobadwa m'pamene panali mfiti. Polemba fomu ndinayamba ndi tsiku kenako mwezi, monga tinaphunzirira ku pulayimale, pomwe kuno amayamba ndi mwezi. Wobadwa pa 4 March akalemba 04/03, kalaliki amawerenga kuti 3 April, ndipo kompyuta ya inshuwalansi imayankha kuti munthu ameneyu sitikumudziwa. Anakonza, anatumizanso claim, bilu inatsika kufika pa copay yokha. Maina athunso amawavuta: chilembo chimodzi chikasowa, kapena dzina lapakati likalowa m'malo mwa la bambo, zotsatira zake n'zomwezo.

Vuto lina lofala ndi la kuyezetsa thupi kwa pachaka. Lamulo la Affordable Care Act la mu 2010 limati chithandizo chopewera matenda, monga katemera ndi kuyeza kwina, chikhale chaulere mukapita kwa dokotala wa mu network. Koma mukangoyamba kudandaula za bondo limene likukuvutani pa ulendo womwewo, ofesi ikhoza kulemba ulendowo ngati wa munthu wodwala, bilu n'kubwera. Mukhoza kuwapempha kuti aonenso mmene analembera.

Poimba foni khalani ndi cholembera. Lembani tsiku, dzina la amene mwalankhula naye, ndi nambala ya nkhani yanu imene akupatseni. Pemphani kuti aimitse kaye akaunti yanu pamene akufufuza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nyimbo ya pa foni ija mudzaimva mpaka kuiloweza. Ngati Chingerezi cha mafoni chikukusokonezani, muli ndi ufulu wopempha womasulira mwaulere. Tchulani Chichewa ndi Nyanja zonse ziwiri, chifukwa m'ndandanda wawo mwina muli dzina limodzi lokha.

Ndilipire pa portal ya inshuwalansi kapena pa tsamba la chipatala, monga MyChart?

Kulikonse ndalama imafika, koma sankhani kumodzi pa bilu iliyonse. MyChart, imene inapangidwa ndi kampani ya Epic ya ku Wisconsin, ndi khomo la chipatala, osati la inshuwalansi, ndipo makomo awiriwa sauzana zonse. Mukalipira ku chipatala, portal ya inshuwalansi ikhoza kumaonetsabe kuti muli ndi ngongole, chifukwa palibe amene waiuza. Pa ma portal ena pali kabatani koti mudine nokha kusonyeza kuti claim iyi ndinalipira kale. Pa banja apa m'pamene ndalama imatayika: bambo alipira pa MyChart masana, mayi aona chofiira pa app ya inshuwalansi usiku, alipiranso.

Ine ndimakonda kulipira ku chipatala mwachindunji, chifukwa ngongole imafufutika msanga ndipo lisiti limachokera kwa mwini ngongole. Ubwino wa portal ya inshuwalansi ndi woti mabilu a madokotala osiyanasiyana mumawaona pamalo amodzi, ndipo nambala imene ili pa batani ndi ya pa EOB, osati yongolota chipatala. Kumbukirani chimodzi: copay imene munalipira pofika ija nthawi zina EOB siidziwa, choncho ichotseni nokha musanalipire.

Ndingalipire ndi chiyani?

Khadi la debit, khadi la ngongole, kapena molunjika kuchokera ku akaunti ya ku banki pogwiritsa ntchito routing number ndi nambala ya akaunti. Ngati muli ndi HSA kapena FSA, maakaunti osungiramo ndalama zolipirira chithandizo cha kuchipatala, yambani ndi zimenezo, poti ndi ndalama zosadulidwa msonkho. HSA ndi ya anthu a pulani ya deductible yaikulu. Ndalama zake ndi zanu mpaka kalekale, ngakhale mutasiya ntchito, ndipo mu 2025 munthu mmodzi ankaloledwa kuikamo madola 4,300, banja 8,550. FSA ndi ya kuntchito, ndipo zambiri zimene simunagwiritse ntchito pakutha pa chaka zimapita. Musayese kutapa mu HSA kuti mutumize kumudzi kapena mugule tikiti ya ndege: musanakwanitse zaka 65, IRS, nthambi ya boma yotolera misonkho, imadula msonkho ndi chindapusa cha 20 peresenti pamwamba.

Claim yalembedwa kuti yakanidwa. Ndiye kuti zonse zagwera ine?

Osati msanga choncho. Werengani chifukwa chake pansi pa EOB. Zambiri zimakhala zotheka kukonza: nambala ya matenda yolakwika, chilolezo chimene dokotala anayenera kupempha kaye, kapena kampani ikungofuna kudziwa ngati muli ndi inshuwalansi inanso. Zikakanika, chitani apilo. Muli ndi masiku 180 kuchokera pamene munauzidwa za kukanako, ndipo pa chithandizo chimene munalandira kale kampani iyenera kuyankha pasanathe masiku 60. Pa ma portal ambiri fomu ya apilo ilipo, ndipo kalata ya dokotala wanu yofotokoza chifukwa chake chithandizocho chinali chofunika imathandiza kwambiri. Akakananso pa zifukwa za chipatala, mukhoza kupempha kuti nkhaniyo ikaonedwe ndi bungwe loima palokha pasanathe miyezi inayi, ndipo chimene bungwelo lagamula kampani iyenera kutsatira. Uzani chipatala kuti apilo ili m'kati kuti asatumize ngongoleyo ku makampani otolera ngongole.

Ndinapita ku chipatala cha mu network, koma dokotala mmodzi akuti ndi wakunja ndipo akufuna ndalama zambiri. N'zololedwa?

Kuyambira pa 1 January 2022, lamulo la No Surprises Act linaletsa zambiri za mtundu umenewu. Pa chithandizo cha mwadzidzidzi, komanso pamene dokotala wakunja, monga wogonetsa kapena wowerenga X-ray, wakuthandizani m'chipatala cha mu network, inu muyenera kulipira ngati mmene mukanalipirira dokotala wa mu network. Zotsalazo akakangane okha ndi inshuwalansi. Ambulansi ya ndege ili m'lamuloli, koma ya pamsewu mulibe, ndipo mabilu a ambulansi ndi amene akupwetekabe anthu. Maboma ena ang'onoang'ono ali ndi malamulo awoawo pa zimenezi. Chenjerani ndi fomu imene angakupatseni musanalandire chithandizo chokonzeratu, yoti mukuvomera kutaya chitetezo chimenechi. Simukakamizidwa kusaina.

Bilu ndi yolondola, koma ndalama zake ndilibe. Nditani?

Apa portal ya inshuwalansi singakuthandizeni. Pitani kwa eni bilu. Zipatala zambiri zimalola kulipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, nthawi zambiri popanda chiwongoladzanja, ndipo kawirikawiri mukhoza kukonza zimenezi nokha pa tsamba lawo. Koma musanavomere, funsani za financial assistance. Chipatala chilichonse chosachita phindu, chimene sichilipira msonkho ku boma, lamulo limachikakamiza kukhala ndi ndondomeko yolembedwa yochepetsera kapena kukhululukira bilu anthu a ndalama zochepa, ndipo zambiri zimalandira pempho ngakhale kwa munthu amene ali ndi inshuwalansi. Muli ndi masiku osachepera 240 kuchokera pa bilu yoyamba kuti mupemphe, ndipo m'masiku 120 oyamba saloledwa kuchita zinthu zoopsa monga kukusumirani. Adzafuna mapepala a malipiro anu ndi a msonkho. Ambiri a ife timachita manyazi, timaona ngati ndi kupemphetsa. Safunsa anadya phula.

Chimene sindikulangizani ndi kuthamangira khadi la ngongole, makamaka makhadi a zachipatala amene amakuonetsani pa desiki akuti palibe chiwongoladzanja kwa miyezi yakutiyakuti. Chikomekome cha mkuyu. Mukalephera kumaliza m'nthawi imeneyo, chiwongoladzanja chonse chochokera tsiku loyamba chimakugwerani kamodzi. Ndiponso ngongole ikangosamukira pa khadi, yasiya kukhala ngongole ya kuchipatala, ndipo chitetezo chimene ndikufotokoza pansipa sichikukhudzaninso.

Ndikachedwa kulipira, credit yanga iwonongeka?

Osati tsiku lomwelo. Kuyambira mu July 2022, Equifax, Experian ndi TransUnion, makampani olemba malipoti a mbiri ya ngongole za anthu (credit), amadikira chaka chathunthu asanalembe ngongole ya kuchipatala imene yapita kwa otolera, ndipo imene mwalipira amaichotsa. Kuyambira mu April 2023 salembanso ngongole za kuchipatala zosakwana madola 500. Bungwe la boma loteteza anthu pa nkhani za ndalama, la CFPB, linakhazikitsa lamulo mu January 2025 lofuna kuchotseratu ngongole zonse za kuchipatala pa malipoti amenewa, koma khoti la ku Texas linalithetsa mu July chaka chomwecho. Choncho ngongole yaikulu yosalipidwa ikhoza kukutsatirani pofuna nyumba kapena galimoto, ndipo kusalembedwa pa lipoti sikuletsa mwini ngongole kukutengerani ku khoti.

Ndingalipirire akazi anga, mwana wanga wamkulu, kapena amayi amene abwera kudzacheza?

Kulipira aliyense akhoza kulipirira mnzake. Masamba ambiri a zipatala ali ndi njira ya mlendo, imene imangofuna nambala ya akaunti ya pa bilu. Kuona tsatanetsatane ndiye nkhani ina. Mwana akhoza kukhala pa inshuwalansi yanu mpaka zaka 26, koma akakwanitsa 18 za matenda ake ndi zake, malinga ndi lamulo la HIPAA la mu 1996, ndipo portal singakuonetseni zonse pokhapokha iye atalola. Chimodzimodzi mwamuna ndi mkazi wake. Kwa ife amene tinazolowera kuti wodwala amaperekezedwa ndi banja lonse mpaka m'chipinda cha dokotala, zimamveka zachilendo, koma fomu yopereka chilolezo ilipo ndipo siitenga nthawi.

Makolo obwera kudzacheza sali pa pulani yanu, ndipo pa portal yanu sadzaonekapo. Agulireni inshuwalansi ya alendo asanakwere ndege, ndipo muwerenge bwino zimene ikunena za matenda amene ali nawo kale, monga shuga ndi BP. Lamulo la EMTALA la mu 1986 limati chipinda cha odwala mwadzidzidzi chiwapime ndi kuwathandiza kaya ali ndi ndalama kaya alibe, koma silinena kuti n'zaulere. Pa chithandizo chokonzeratu, munthu wodzilipirira yekha ali ndi ufulu wopatsidwa mtengo woyerekezera polemba, ndipo bilu ikaposa mtengowo ndi madola 400 kapena kuposerapo akhoza kukadandaula pasanathe masiku 120. Pamene akulembetsa amayi, yang'anani bwino mzere wa guarantor: mukasaina pamenepo, ngongoleyo mwaisenza ndinu.

Ndalandira meseji pa foni yoti ndili ndi bilu, ndidine linki. Ndidine?

Ayi. Tsegulani app nokha, kapena lembani adiresi ya webusaiti imene ili kuseri kwa khadi lanu. Mu February 2024 akuba a pa kompyuta anathyola Change Healthcare, kampani ya UnitedHealth Group imene claim zambiri za m'dziko muno zimadutsamo, ndipo zinsinsi za anthu pafupifupi 190 miliyoni zinakhudzidwa. Choncho woimba foni kudziwa dzina lanu ndi la inshuwalansi yanu si umboni woti ndi weniweni. Chipatala chenicheni sichipempha gift card. Yatsaninso chitetezo chotumiza nambala yachinsinsi pa foni polowa.

Ndazindikira kuti ndinalipira kawiri, kapena mopitirira. Ndalama ibwerera?

Ibwerera, koma muyenera kuilondola, ndipo wobweza ndi chipatala, ngakhale munalipira kudzera pa portal ya inshuwalansi. Zipatala zina zimangoisunga pa akaunti yanu kudikira ulendo wina, osakuuzani. Imbani muli ndi malisiti onse awiri ndi EOB m'manja, munene kuti mukufuna ibwezedwe, mufunsenso ngati ibwera pa khadi kapena ndi cheke, ndiponso ku adiresi iti ngati munasamuka. Ngati ndalamayo inachokera mu HSA, funsani banki yosunga HSA yanuyo mmene mungaibwezere momwemo kuti isawerengedwe ngati munatapa molakwika.

Malisiti ndi ma EOB muzitsitsa n'kusunga pa kompyuta yanu, osadalira portal. Mukasintha ntchito kapena kampani ya inshuwalansi, khomo lakale lija limatha kutsekeka pakapita nthawi, pomwe bilu ya chaka chatha ikhoza kukupezani muli kale kwina.